Mabenchi anga a pa Songani

Nyumba yoonetseramo mpira pa Songani inali ya amalume, koma dishi, kanema ndi mabenchi zinali zanga. Loweruka anthu ankachokera ku Domasi ndi ku Malosa, ena panjinga ena wapansi, ochedwa n'kumaonera pazenera.

Osewera akapita kokapuma, ndinkatsitsa mawu a kanema. Ndani pa Songani akanagula magalimoto amene ankatsatsa mmenemo? Ndinkaimirira kutsogolo n'kulengeza malonda athu: atelala asamukira kuseri kwa msika, mpunga watsopano wafika kwa amayi a pakona, wokonza njinga uja wachira. Amalonda ankandisaka okha, ndipo pakhomo panga ndiwo sizinkasowa.

Kenaka mpira unalowa m'mafoni. Anthu anayamba kusonkherana kabandulo n'kuunjikana pa foni imodzi ngati nkhuku pa madeya. Atelala anandiuza mwaulemu kuti zovala zawo akuzionetsa pafoni tsopano. Amayi a mpunga anangoyamba kundizemba. Ndinaonda ndi maganizo, ana anga n'kumandiyang'ana m'manja ndikamalowa m'nyumba.

Tsiku lina amalume anandipeza ndikupukuta fumbi pakanema.

"Iwe, Loweruka likubwerali mabenchi akutsogolo akapanda kudzaza, muno ndisungiramo matumba a mpunga," anatero. "Nyumba yanga singamangokhala."

Lowerukalo ndinasesa, ndinatsegula chitseko chonse, n'kukweza mawu mpaka malata kunjenjemera. Mpira unayamba masana, koma analowa ndi amalume okha. Makasitomala anga akale anali pakhonde la golosale tsidya la msewu, mitu pamodzi, maso pa foni.

Chimodzi ndinkachidziwa: dishi imatsogola, foni imatsalira m'mbuyo pang'ono. Chigoli chitalowa ndinathamangira pakhomo.

"Chalowa! Chalowatu!"

Kwa iwo mpira unali udakali pakati pa bwalo. Ndinkati akaona kuti kwanga zinthu zimafika msanga, adzuka n'kubwera. Anadzukadi. Mmodzi, amene kale ndinkamusungira malo kutsogolo, anandiyang'ana mwachisoni.

"Achimwene, mukutiwonongeratu mpira."

Ananyamuka onse kulowera kuseri kwa msika, kumene mawu anga sakanafika. Ndinawoloka msewu ndikuwatsatira, minibasi kutsala pang'ono kundigunda, kondakitala n'kunditukwana. Manyazi anali atandithera.

"Lowani ulere! Lero lokha, chonde, mungokhala pabenchi amalume akuoneni!"

Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda n'kumandiyang'ana. Mwa anthu anga aja palibe anacheuka. Ndinaima pakati pa msika, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, misozi ili mbwembwembwe. Ndinkaopa kubwerera, ndinkaopanso kupita kunyumba.

Nditabwerera, kanema anali akungodzilankhulira yekha. Amalume sanadikire kuti mpira uthe. Anali atakokera kale benchi loyamba kukhomo.

"Gwira mbali iyo," anatero. "Ndekha sindingalithe."

Ndinagwira.