Chimera chagonjetsa blenda ya akamwini

Mwaswera bwanji nonse.

Lero kuno ku Beech Grove ndimafuna kupera chimera cha thobwa la pa chinkhoswe cha mdzukulu wanga Tadala Loweruka lino. Mtondo kulibe, ndiye akamwini andibwereka blenda yawo. Akuti mphamvu yake ndi ya mahatchi awiri.

Ndathira chimera mpaka kudzaza. Yalira pang'ono, kenako yazima. Kunsi kwake kwatentha ngati simbi, khitchini yonse fungo la waya wopsa. Chapereka n'chapansi chokha, chapamwamba sichinagwedezeke n'komwe.

Akamwini akuti, "Bambo, imafuna pang'onopang'ono, izipumako." Ndawafunsa ngati chitsulo chimatopanso, angoseka.

Inu ophunzira tandiuzani, chimatopa n'chiyani m'katimo? Ndipo amene ali ndi mtondo ku South Bend abwere nawo Lachisanu. Chinkhoswe chopanda thobwa ine sindikhalapo.