GPS ya Abambo Oyeza Malo

Abambo oyandikana nafe nyumba ku Area 25 amayeza malo a anthu. Amayenda ndi GPS yakale yokalikakalika, kachipangizo kosonyeza pamene munthu waima, ndipo m'thumba la malaya awo simusowa timabatire. Munthu akawafunsa za chida chilichonse, amayamba amufunsa kaye kuti, "Mukachigwiritsa ntchito kuti?"

Chaka chatha ndinapeza ntchito ya masiku ochepa yolemba pamene pali zitsime ku Njewa. Ku ofesi anati ndisankhe GPS imodzi pa ziwiri. Nditawafunsa abambowa anati, "Tenga ya mabatire, mwanangu. Magetsi kumeneko ukawapeza kuti?"

Ndinavomera ndi mutu, koma ndinakatenga yokongola yotchaja pamagetsi, kuopa kuoneka wachimidzi pamaso pa anzanga.

Inazima Lachinayi masana, zitsime khumi ndisanalembe, lipoti likufunika Lachisanu madzulo.

Nditabwerera ndinaima pakhomo pawo, kuodira kukundikanika. Anandionera pawindo, natuluka atanyamula GPS yawo ija, yomangidwa ndi mphira.

"Mphirayo usaimasule," anatero, "chivindikiro chimagwa."

Za yokongola ija sanafunse. Ndinalandira ndi manja awiri, maso ali pansi.