Dzenje la m'munda mwathu

Chaka changa chachiwiri ndikulondera nyumba zosanja za ku Onaiza, kudziko lakutali kumene ndinapita kukagwira ntchito, mlongo wanga anandiimbira foni za dzenje. Linali m'munda mwathu ku Ntcheu. Analikumba anthu ofuna miyala yamtengo wapatali, ndipo miyala itatha anangonyamuka osatsanzika n'komwe. Linatsala lili yasa, madzi obiriwira ali pansi, m'mbali mwa njira yokhayo imene mwana wanga wamkazi ankadzera popita kusukulu.

"Achimwene, kwabwera a bungwe lina," anatero. "Akuti alikwirira ulere. Akungofuna mwini mbumba avomere."

Mwini mbumbayo ndinali ine, mlonda wa yunifolomu yothina, woima pageti la eni ake.

Ndi chimwemwe ndinafotokozera bambo ena achikulire, adalaivala amene tinkagona nawo chipinda chimodzi ku Al Sadd, dera lina la mumzinda womwewo. Iwo sanaseke.

"Mphwanga, wafunsa za liability, zoti mlandu udzakhala wa ndani? Panopa dzenjelo ndi la amene anakumba. Ukangoti yes, khalas, basi zatha, lasanduka lako."

Ankanena zoona, ndipo ndinawada nazo. Kwathu ukaitana munthu kudzagwira ntchito m'munda mwako n'kuvulala, mlandu ndi wako; akafa, bokosi ndi maliro onse ndi zako. Nanga madzi oipawo akawapopa n'kutsikira m'madimba a aneba? Ndinauza mlongo wanga kuti afunse ngati pali lamulo loteteza mwini malo. A bungwewo anati sakulidziwa, koma ndibwere tidzakambirane pamaso.

Ndibwere! Pasipoti inali mu ofesi ya kampani, ndipo kutuluka m'dzikomo kunkafuna chilolezo cha abwana. Nditapempha tchuthi, kapitawo anangoti, "Mafi vacation, finish contract first," maso ali pafoni, kutanthauza kuti palibe tchuthi mpaka nditamaliza kontrakiti.

Ndinazengereza. Ndikati ndivomere, ndinkaona khoma la dzenje likugumukira munthu wa eni ake, mlongo wanga atakhala pabwalo la milandu yekhayekha. Ndikati ndikane, ndinkaona mwana wanga. Mantha anandipanikiza uku ndi uku, moti ndinkangokwiyira aliyense, ngakhale ondipatsa moni.

A bungwe aja sanadikire, anapita kukakwirira maenje a mudzi wina. Mvula italimba, mlongo wanga anati madzi asefukira mpaka m'njira, ndipo sizikudziwikanso kuti dzenje layambira pati. Ndinamuuza kuti mwanayo ayambe wakhala pakhomo mpaka dzinja lithe. Mwana analanda foni.

"Adadi, ndalakwa chiyani?"

Sanalakwe kanthu. Chaka chimenecho anabwereza kalasi.