Mlamu Wanga Wosasula Madenga

Mlamu wanga, mwamuna wa mng'ono wanga, ndi kontilakitala. Amatero yekha, ndipo anazilembetsa pachitseko cha galimoto yake. Anthu amangomutchula kuti Chipewa, chifukwa chipewa chake choyera cha pulasitiki sichichoka kumutu ngakhale akukagula buledi. Chilibe ndi pokalika pomwe, poti njerwa sinadutsepo pafupi. Pamaso ndimati "alamu". Kumbali ulemu wanga sindiutaya pachabe.

Anayamba ndi kukankha wilibala pamalo ena omanga, koma sanachedwepo. Anaona kuti otuluka thukuta ndi ena, wotchedwa bwana ndi uja woima pamthunzi ndi foni, basi iye anasankha mthunzi. Nditamufunsa ngati kontilakitala ndi mmisiri, anaseka nati mmisiri amagwira nyundo, kontilakitala amagwira amisiri. Manja ake ndi ofewa kuposa anga, ine wongosoka zovala.

Luso ali nalo limodzi, ndipo ndimadana nalo. Akapeza ntchito, tsiku loyamba lomwelo amawononga kanthu. Ngati ndi bafa amaswa pansi, ngati ndi mpanda amazula geti, likakhala denga amasasula. Akatero amanyamula amisiri ake kukagwetsa kwina. Mwini nyumba sangamuchotse, chifukwa mmisiri wina safuna kulowa pa zogumulagumula za mnzake, ndiye amangodikira ndi kupembedza. Yekha amanyadira pagulu kuti kasitomala wogona panja sathawa.

Amayi ankakhala m'nyumba imene malemu bambo anamanga ndi manja awo, ya njerwa zosawotcha, yaing'ono koma yolimba. Pakona ya kuchipinda pankadontha, kadontho koti beseni limodzi linkakwana. Ine ndinati tiitane kalipentala asinthe lata limodzilo. Mng'ono wanga anakwiya, akuti tinyoze bwanji mwamuna wake pomwe m'banja muli kontilakitala. Amayi, posafuna kukhumudwitsa mkamwini, anavomera. Ndinawachenjeza, koma anandidzudzula kuti ndili ndi mtima woipa, munthu sangachite zimenezo kwa apongozi ake.

Anachita. Anafika ndi amisiri ake, nayendayenda ndi tepi yoyezera, kugogoda thabwa ili ndi ilo, kenako analengeza kuti onse adyedwa ndi chiswe. Pofika madzulo denga lonse linali pansi, mitambo itayamba kale kusonkhana. Anayalitsa mapepala a pulasitiki pamwamba, kutsamiza ndi miyala, nati malata atsopano abwera mawa. Mawa lakelo anali kwina, akusasula nyumba ya mphunzitsi.

Ndinamuimbira mpaka foni kutentha. Ankayankha mokoma kuti alamu musadandaule, zonse zili m'manja. Ndinathamangira kalipentala wanga kuti angobwezerapo denga lakale lija, koma atafika anangopukusa mutu. Malata ndi matabwa "odyedwa ndi chiswe" aja Chipewa anali atawatenga kukamangira shedi ya simenti pantchito ina.

Mvula inabwera yosakata. Mapulasitiki anauluka tsiku loyamba. Njerwa zosawotcha zikamwa madzi kuchokera pamwamba zimasungunuka ngati shuga mu tiyi. Tinatulutsa bedi, kabati ndi amayi amene, ndipo khoma la kuchipinda linagwa ife tikuona, limodzi ndi msomali umene bambo ankakolekapo jekete lawo. Ine ndinalira ndi ukali. Ndikanakhala naye pafupi, chipewa chija chikanagwira ntchito yake koyamba.

Amayi sanalire. Anakhoma chitseko cha nyumba yopanda denga ija, naitanitsa lole kuti katundu apite kwa mkamwini. Chipewa ali ndi kachipinda kakumaso kamene amakatcha ofesi, muli tebulo, mpando wozungulira ndi chithunzi cha nyumba yosanja imene sanamange iye. Amayi analamula kuti bedi lilowe mmenemo. Iye anayesa kuwanyengerera kuti kuseri kuli chipinda chabwino, chopanda phokoso.

"Ayi bambo, pano denga lake ndi labwino," anatero amayi. "Ndidikirira pompano malata aja."

Ali pomwepo mpaka lero. Munthu akagogoda kufuna kontilakitala, amatsegula ndi amayi. Amamupatsa mpando wozungulira uja, kumulonjera bwinobwino, kufunsa za ana. Kenako amafunsa ngati nyumba yakeyo ili ndi denga. Akati eya, iwo amati, "Bwererani mukagonemo, mwananga."

Mng'ono wanga amadandaula kuti amayi akuphera mwamuna wake ntchito. Sanaiphe, anthu opusitsika satha, amangokumana nawo pamsewu tsopano, chigongono chili pawindo la galimoto. Ine ndimadutsa pabwinja la amayi paja popita kosoka. Pamera udzu wofika m'chiuno, ndipo chitseko wina anazula kalekale. Amayi sindinawauze. Kiyi wake akadali m'kachikwama kawo, ndipo m'mawa uliwonse amamupapasa kuti aone ngati alimo.