Tsiku limene alamu anayeretsa laputopu

Amuna anga atamwalira, laputopu yawo nayonso inanyanyala. Ukaiyatsa inkangoonetsa mdima. M'menemo ndi mmene munali zithunzi zathu zonse, ndi mavidiyo a iwo akuphunzitsa mwana wathu kuyenda pakhonde ku Chelstone. Kwina kunalibe, poti foni yawo inaphwanyika pangozi imene inawatenga.

Mng'ono wanga, amene amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni, anabwera ndi fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu kobaya pakompyuta. Anati muli pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta, yoti umayamba wailawa kaye usanaiike, ngati mtedza wa pamsika. Atangoibaya, laputopu inayaka. Ndinaona nkhope ya amuna anga, ndinalira.

"Ba sisi, vonse vilimo," anatero. "Mailo nizabwela na fulashi ina yokopelamo. Koma aka kabatani koikila pulogalamu osakagwila, kamafuta vonse."

Madzulo ake kunabwera alamu a ku Woodlands, akulu ake a malemu. Pogawa katundu, laputopuyo inagwera iwo. Munthu wa tayi ngakhale pamaliro a nkhuku, mkulu wa mpingo, wosauzidwa kanthu. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za kabatani kaja, n'kuwapempha kuti adikire mawa. Anavomera ndi mutu. Ine, chitsiru, n'kupita kukawaphikira tiyi.

Pobwera ndinawapeza atasanjika manja pa laputopu, maso ali chitsinzinire, akupemphera. Pagalasi kamzere kanali kakuyenda: kabatani kaja anali atakadina kale.

"Ba mulamu, mwachita chani?"

"Mulamu, vintu va muntu wakufa sivingena munyumba yanga so chabe. Vovala tinavipempelela. Iyi nayo ifunika kuyeletsa. Muzaniyamika."

Tiyi anamwa ndithu, ndi buledi yemwe.

Mng'ono wanga anakaipempha, n'kulimbana nayo mpaka kutopa. Anapulumutsa tizithunzi todukaduka, mavidiyo ayi. Lero ana a alamuwo amaonerapo makatuni. Tikakumana pa zochitika za banja ndimawapatsa moni ndi manja awiri, koma sindinawakhululukire, ndipo abusa asavutike kundilalikira. Akanaba laputopuyo bwenzi zili bwino, wakuba amabweza nthawi zina.

Mwana wanga pano ali kupulayimale. Amandifunsa kuti bambo ake ankalankhula bwanji. Ndimakhosomola, n'kukulitsa mawu, n'kumuitana monga ankamuitanira. Amamvetsera mpaka ndimalize.

"Mami, lekani," amatero. "Ni imwe chabe."