Tsiku Limene Asekulu Anaimitsa Sitima

Fungo la asekulu, agogo anga aamuna obala amayi, ndimalikumbukira bwino kuposa mawu awo: fodya wa masamba amene ankasunga m'thumba la jekete, ndi utsi wa ndowe zouma zimene ankatentha pakhomo pa khola kuti tizilombo tisavutitse ng'ombe. Kwathu ku Magodi ankadziwika kuti ndi munthu wosalankhulalankhula. Dzanja lawo lamanzere linali ndi zala zitatu zokha, ndipo ife adzukulu tikawafunsa za zinazo ankangoti, "Zinatsala ku njanji." Sitinkadziwa kuti njanji n'chiyani, popeza m'dziko lonse la Lundazi munalibe.

Inali nthawi ya nkhondo ya azungu, ine ndili mtsikana wa zaka ngati khumi ndi chimodzi. Makolo anga anali ku migodi, ine anandisiya kumudzi. Tsiku lina kunabwera kalata, mphunzitsi wa kumishoni n'kutiwerengera: amayi abereka, koma sakudzuka pamphasa, ndipo akungotchula dzina langa. Agogo aakazi analira. Asekulu anapita kukhola, n'kusiya ng'ombe m'manja mwa amalume, kenako anandiuza kuti, "NyaZimba, manga kathumba. Mawa tikupita."

Tinayenda masabata angapo pamodzi ndi amuna ofuna ntchito. Tinatsika chigwa cha Luangwa, tinawoloka pa bwato mvuu zikutiyang'ana, tinakwera mapiri a Muchinga mapazi anga atang'ambika. Amuna aja anatsalira pa munda wa mzungu wina, ndipo ife awiri tinafika pa njanji m'mawa wina mame asanaume.

Ine ndinkayembekezera mzinda waukulu kuposa boma la kwathu. Ndinapeza kachisakasa ka malata, chikwangwani choyera, ndi zitsulo ziwiri zowala zimene zinachokera kumene maso anga sanafike n'kupita kumene sanafikenso. Panalibe wantchito, ngakhale galu. Mphepo inkangoliza mawaya a pamitengo. Ndinaima kukamwa kuli yasaa, ndikudzifunsa kuti wosula zitsulo zazitali chotero anali munthu wotani.

M'chisakasamo munakhala mayi wina ndi khanda lotentha thupi. Asekulu anamulankhula m'chinenero cha kumeneko, chimene sindinkadziwa kuti amachimva. Mayiyo anati wakhala pamenepo kuyambira dzana. Sitima inabwera, iye anaikupizira nsalu ali pachisakasa, koma inangodutsa. Ina yonyamula anthu inali ya tsiku limenelo, ikatiphonya ndiye kudikiranso masiku. Ufa wathu unali utatha.

Asekulu anagwada, n'kusisita chitsulo chija ndi zala zawo zitatu, mmene ankasisitira mwana wa ng'ombe wongobadwa.

"Izi tinazinyamula pamapewa," anatero. "Amuna ambirimbiri chitsulo chimodzi, tikuimba. Ika khutu apa."

Ndinaika. Poyamba ndinangomva kuzizira. Kenako, pansi penipeni, kunamveka kung'ung'uza ngati njuchi zili mu mphako. Ndinadzuka n'kuyang'ana, koma kunalibe chilichonse, thengo lokhalokha.

"Ili kutali, koma ikubwera," anatero asekulu. Anamasula mpango wofiira umene unali kumutu kwanga. "Sitima siima ngati munthu. Uyenera kuiuza ikadali kutali. Ine ndikupita kukaikupizira mpangowu kuseri, pamene njanji yakhota paja. Ikaima, ukwere ndi mayi awa. Ngakhale ndisafike, ukwere."

"Asekulu, ndekha?"

"Amako akuitana iwe, osati ine."

Anayenda m'mbali mwa njanji mpaka anachepa ngati chiswe, n'kuzimirira pamene njanji inkakhota. Ndinatsala ndikugwira chitenje cha mayi wosamudziwa.

Choyamba ndinaona utsi wakuda pamwamba pa mitengo. Kenako nthaka inayamba kunjenjemera pansi pa mapazi anga. Sitima inalira kawiri, kulira kumene kunandilowa m'mafupa, ndipo inatulukira: chinthu chakuda chachikulu kuposa tchalitchi cha kwathu, chikupuma nthunzi m'mbali zonse, m'mimba mwake muli moto, mikono yachitsulo ikupalasa mawilo aatali kuposa ine. Ndinaganiza kuti chinthu chotere sichingamvere munthu aliyense padziko. Koma mawilo analira mokwekwesa, nthunzi inatiphimba, ndipo chinaima patsogolo pathu, chikuwefuka ngati ng'ombe yotopa.

Munthu wa chipewa anatsika m'bogi yomaliza n'kutikuwira kuti tifulumire. Mayi uja anakwera, n'kundikokera m'mwamba. Ndinatulutsa mutu pazenera. Kutali ndinaona asekulu akuthamanga, nkhalamba imene sindinaionepo ikufulumira ngakhale ng'ombe zitalowa m'munda, mpango wanga uli m'manja. Sitima inagwedezeka n'kuyamba kuyenda. Ndinakuwa dzina lawo mpaka mawu anandithera. Wa chipewa uja anawerama pa chitseko chake, anatambasula mkono, ndipo asekulu anazimirira m'kati.

Patapita kanthawi analowa m'bogi yathu, thukuta lili chuchuchu, n'kukhala pambali panga. Mayi uja anagwada n'kuwaombera m'manja, koma iwo sanamuone. Anagwira mpando ndi manja onse awiri, maso ali pazenera pamene mitengo inkathawira m'mbuyo.

"Mukuopa, asekulu?"

"Ndinagwira ntchito zaka zinayi pa njanjiyi," anatero chapansipansi. "Ndinabwerera kumudzi wapansi. Lero ndi loyamba kukwera." Kenako anaseka, kuseka kwa mwana, misozi ikutsikira m'ndevu. "Yewo, Chiuta! Tamvera mmene ikuyendera bwino. Tinayala bwino, NyaZimba. Tinayala bwino."

Amayi tinawapeza ali moyo. Ndinawasamalira miyezi itatu mpaka anadzuka, ndipo kamlongo kanga kaja kanakula. Asekulu anagona masiku awiri okha, n'kubwerera kwawo.

Lero ndakalamba kuposa mmene iwo analili. Ndakwera sitima zambiri, ndipo adzukulu anga amandiseka chifukwa sindigona m'njira, sindichezanso. Ndimakhala pazenera, ndikuyang'ana pansi, ndikuganizira amuna amene sindidzawadziwa mayina, ndipo pa kasiteshoni kalikonse kopanda munthu ndimaimirira kuti ndione ngati pali wina akudikira.