Sikisi Koloko ya a Laurent

Amuna anga, a Laurent, ndi munthu woti akhoza kukangana ndi injini mpaka injiniyo kupepesa. Anafika kuno ku Dar es Salaam ali mnyamata kuchokera kwawo ku Ntcheu, nayamba ndi kutsuka masipanala m'galaja ya eni ake ku Chang'ombe. Pomwe ndinkakwatiwa nawo n'kuti ali ndi kagalaja kawokawo, ndipo anthu a mipikisano ya magalimoto ya m'fumbi ankawadziwa bwino. Ine ndinkawadziwira ku zovala. Girisi amene ndachapa pa moyo wanga, mboni ndi Mulungu.

Kenako matenda a shuga anawadya maso. Bambo aja anangokhala pampando pakhonde kwathu ku Mbagala, osafunanso kumva za galaja. Mwana wathu Gaudensia, amene anakulira pakati pa mabawuti, ndiye ankatsegula, koma makasitomala ankangosuzumira, akamva kuti fundi, mmisiri mwini wakeyo, kulibe n'kubwerera. Bambo ake nyimbo inali imodzi: "Tigulitse zitsulozo, ntchito yatha." Mtima unkandiwawa, chifukwa ndinkaona kuti imene ikutha si ntchito ayi, koma iwowo.

Ndiye kunabwera a Seif, kasitomala wakale, ndi injini ya masilinda eyiti yoti iwonjezeredwe mphamvu mpikisano usanafike. Gaudensia anailandira. Bambo ake atamva anati iyi ndi yomaliza, ikalephereka galaja itsekedwe.

Mwanayo anapalitsa buloko, thunthu la injiniyo, naikamo kamu yatsopano, chitsulo chija chimene chimatsegula ndi kutseka mavalavu. Panatsala tcheni cha taimingi, chimene chimayendetsa kamuyo kuti mavalavu ndi mapisitoni azipatsana mpata. Akasemphana, pisitoni imamenya valavu, injini n'kuthera pomwepo. Gaudensia anatenga matcheni a mitundu iwiri kwa wogulitsa wina ku Ilala, chilichonse ndi magiya ake, nafika nawo pakhonde n'kungowatula pamiyendo pa bambo ake.

"Baba, nichagulie. Sankhani inu, ine sindidziwa."

Bodza lamkunkhuniza! Ankadziwa bwino lomwe mwana ameneyu.

Bambowo anayamba kunyinyirika, koma zala zawo zinali zitayamba kale kuyenda pa mano a magiya aja.

"Giya wa mpata umodzi uyu ndi wa injini imene sinakhudzidwepo," anatero. "Yakoyo wapala, miyeso yasuntha. Tenga tcheni cha mizere iwirichi. Giya wake wamng'ono ali ndi mipata itatu, wotsogoza, wapakati ndi wochedwetsa. Ukayeza n'kupeza kuti kamu yachedwa, uli ndi pothawira. Njira za a Seif ndi mchenga ndi makona okhaokha, pamafunika mphamvu ya ponyamuka. Utsogoze pang'ono."

Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanawamve akulankhula motalika choncho. Koma zopita ku galaja anakanitsitsa. "Wakhungu akatani kumeneko? Undiimbire foni."

M'mawa mwake foni inaliradi. Ine ndinali pambali, ndikusankha mpunga.

"Tamvera," iwo anatero. "Giya aliyense ali ndi kadontho. Ka pa giya wamkulu wam'mwamba kakhale pa sikisi koloko, ka pa giya wamng'ono wam'munsi pa thwelofu koloko. Wamva?"

"Nimesikia, Baba."

Anamvadi, koma ana athu obadwira kuno amamva m'Chichewa n'kuganiza m'Chiswahili. Kuno maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka. Sikisi yawo, saa sita, ndi masana, muvi wa wotchi utaloza kumwamba, ndipo thwelofu yawo muvi umaloza pansi. Ineyo nditangofika kumene mumzinda muno anandiitanira ukwati wa saa sita, ndinakafika madzulo anthu akutsuka mapoto. Ndiye Gaudensia anaika madontho onse awiri chozondoka, ali ndi mtima wonse kuti wamvera bambo ake.

Chimene chinatipulumutsa ndi lamulo lawo lakale, limene mwanayo analimva kuyambira akukwawa: injini suiliza ndi kiyi usanaipatse moni wa padzanja. Anaika sipanala, napukusa pang'onopang'ono, injini n'kuima nji. Foni inaliranso.

"Baba, imegoma. Yakana kuzungulira."

"Usaikakamize," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Benedicta, nsapato zanga zili kuti?"

Ndinazipeza pansi pa bedi zitachita fumbi. Sindinafunse kanthu, ndinaopa kuti angasinthe maganizo. Tinakwera daladala, minibasi yakuno, pa msewu wa Kilwa, kondakitala akukuwa kuti ampatse malo mzee, iwo akung'ung'udza kuti si nkhalamba.

Titalowa m'galaja anaima kaye, akukoka fungo la oyilo ngati munthu wofika kwawo. Gaudensia anawagwira dzanja n'kuliika pa injini. Zala zinayenda, zinapeza kadontho koyamba, zinatsika, zinapeza kachiwiri.

"Madontho awa afulatirana ngati mwamuna ndi mkazi oyambana. Amayenera kuyang'anizana. Ndinati chiyani ine?"

"Munati sikisi, Baba. Saa sita si juu? Si kumwamba?"

Bambo aja anaseka mpaka kugwira benchi, misozi ili chuchuchu. Gaudensia, amene anali pafupi kulira, nayenso anayamba kuseka. Ine ndinatembenukira kukhoma, chifukwa yanga misozi sinali ya kuseka.

Anamasula, nayambiranso. Mwana ankayeza ndi kuwerenga, bambo akumvetsera ndi kukhudza. Kamu inapezekadi kuti yachedwa, ndipo mpata wotsogoza uja unagwira ntchito yake. Palibe valavu imene inapindika. Tsiku loliza injiniyo, a Seif anatseka makutu akumwetulira, ndipo amakanika a m'magalaja oyandikana anabwera kudzasuzumira. Bambo anawauza onse kuti, "Wamanga ndi Gaudensia. Ine ndangosankha tcheni."

Pobwerera m'daladala anandinong'oneza. "Mwana uyu ntchito akuidziwa, koma wotchi yake ndi yozondoka. Pafoni atiphera injini za eni. Ndiyenera kumapita ndekha."

Ndinadziwa kuti akanatha kumangonena kuti kumwamba ndi pansi, nkhani n'kutha. Koma ndinatseka pakamwa. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha mwana wochenjera uja, ndi chifukwa cha Chiswahili chimene ndakhala ndikuchinena kuti chatilanda ana.

Madzulo ake anauza Gaudensia kuti mawa anyamuka sikisi koloko.

"Sikisi yanu kapena yanga, Baba?"

"Yanga, iwe! Yakoyo tipeza makasitomala atapita."

Zogulitsa zitsulo sizinamvekenso. Nsapato zija ndimazipukuta m'mawa uliwonse, ndipo girisi wabwereranso m'beseni langa. Ndimachapa ndikuimba.